Mwana Wofatsa Uja Munamufunsapo?

Nkhani yokambidwa kwa makolo achimalawi okhala ku England

Ndikudziwa kuti ena mwafika pano mutangoweruka ntchito ya usiku, maso akadali olemera, ndipo ndiyesetsa kuti kubwera kwanu kusapite pachabe.

Itamveka nkhani yoti ndidzayankhula lero, mayi wina anandikokera pambali titatuluka m'tchalitchi, nandifunsa monong'ona kuti, "Achemwali, kodi kuntchito kwanu kuja si kumene amalanda ana?" Sankandinyoza ayi. Nkhope yawo inkaonetsa kuti funsolo alisunga kwa miyezi yambiri. Ndikhulupirira kuti si iwo okha amene ali nalo, n'chifukwa chake ndiyambira pomwepo.

Ine ndine katswiri wa zamaganizo, ntchito imene kuno amaitchula kuti clinical psychologist. Ndimagwira m'nthambi ya NHS yoona za maganizo a ana ndi achinyamata mpaka zaka 18, imene ambiri mumaimva ndi dzina lakuti CAMHS. Mphamvu yochotsa mwana m'nyumba ya makolo ake ndilibe. Ngakhale social worker amene mumamuopa uja sangangobwera n'kunyamula mwana mwa kufuna kwake. Lamulo la ana la mu 1989, Children Act, linaika mphamvu imeneyo m'manja mwa khoti, ndipo apolisi angathe kusunga mwana pamalo otetezeka kwa maola osapitirira 72 akaona kuti ali pangozi yaikulu. Lamulo lomwelo limauza makhonsolo kuti athandize mwana kukulira m'banja lake, pokhapokha ngati kutero kungamuvulaze. Chimene ndili nacho ine ndi udindo wonena ndikaona kuti mwana akuzunzidwa, ndipo kawirikawiri ndimayamba ndawauza makolowo pamaso ndisanakanene kwina. Koma kwa ana ochuluka amene ndimawaona, nkhani sifika kumeneko n'komwe. Amabwera ndi makolo awo, n'kubwerera kunyumba ndi makolo awo omwewo.

Mantha amenewa amandiwawa chifukwa ndimaona zimene amabala. Ana a mabanja athu amene ndakumana nawo, ambiri safika ndi kalata ya GP vuto likadali laling'ono. Amafika kudzera kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi pakati pa usiku, kapena sukulu itatopa nawo n'kuwaimitsa. Ukafunsa bwinobwino umapeza kuti mayi anaona kusinthako chaka chatha, koma anaopa kutsegula pakamwa. Pakadafunda padajiwitsa.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene anatsogolera Ronald Kessler anaonetsa mu 2005 kuti theka la matenda a maganizo amene anthu amadwala m'moyo wawo amakhala atayamba pofika zaka 14, ndipo magawo atatu mwa anayi amakhala atayamba pofika zaka 24. Bambo amene mukumuona akuvutika ali ndi zaka 40, nthawi zambiri anayamba kale ali pasukulu, kungoti panalibe wofunsa. Kuno ku England, kafukufuku wa NHS anapeza mu 2017 kuti mwana mmodzi mwa 8 aliwonse a zaka 8 mpaka 16 ankaoneka kuti ali ndi vuto la maganizo. Pofika 2023 anali mmodzi mwa 5. Werengani ana amene amakhala kutsogolo kuno Lamlungu m'mawa, muone kuti chiwerengerocho chikutanthauza ana angati.

Ambiri mumandifunsa ngati ndimapereka mankhwala. Sindipereka. Mankhwala amalemba ndi dokotala wa matenda a maganizo, amene anaphunzira udokotala wonse kenako n'kupitiriza ndi nthambi imeneyi. Ife njira yathu ndi ina: digiri ya saikoloje, zaka zingapo zothandizira akatswiri m'zipatala, kenako zaka zitatu za maphunziro a ukachenjede, ndipo pomaliza dzina limalembedwa m'kaundula wa bungwe la HCPC, limene lingathe kukuchotsa ukachita zosayenera. Timagwira limodzi ndi madokotala, anamwino, ma social worker ndi akatswiri othandiza mabanja. Zida zanga ndi makutu, mafunso, pepala ndi makrayoni, ndi nthawi ya pafupifupi ola limodzi pa sabata.

Pa tsiku loyamba ndimakonda kujambula mtengo wa banja pamodzi ndi mwana ndi makolo ake. Apa mpamene ndimaona kuti mafomu a kuno sanapangidwire ife. Fomu ili ndi malo a mayi mmodzi ndi bambo mmodzi. Mwana wathu ali ndi amayi, amayi aakulu, amayi aang'ono, abambo aang'ono, azakhali, ndi amalume amene kumadera ambiri kwathu ndiwo eni mbumba. Munthu amene fomu ikumutcha wachibale wakutali angathe kukhala yemwe anamubereka kumsana mwanayo zaka zisanu. Ndikapanda kudziwa zimenezi, ndingathe kukhala ndi mwana miyezi itatu osazindikira amene akumulira.

Ndikuuzeni za mtsikana wina. Ndasintha zambiri zomukhudza, ndaphatikizamonso za ana ena, kuti pasapezeke womuzindikira. Anali ndi zaka 13. Mayi ake anamusiya kumudzi ndi agogo ali ndi zaka zinayi, iwo n'kubwera kuno kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anatumiza ndalama osaphonyetsa mwezi, anakonza mapepala, anadzimana zambiri, mpaka tsiku linafika loti mwana akwere ndege. Patangopita miyezi yochepa, mwana anayamba kudandaula m'mimba ndi mutu. Lolemba m'mawa ndiye zinkanyanya. Madokotala anayeza magazi, anayeza zonse zoyenera kuyeza, osapeza kanthu. Makalata a kusukulu anayamba kubwera. Pamene ankafika kwa ine, mayiwo anali atatopa ndiponso atakwiya. Anati, "Ndinavutikira mwana ameneyu ngati kapolo. Anzake kumudzi akusowa ndi nsapato zomwe. Uku n'kusayamika basi."

Masabata atatu oyambirira mtsikanayo sananene zambiri. Ankayankha "eya" ndi "ayi", maso ali pansi. Tsiku lina tikuyang'ana mtengo wa banja uja ndinamufunsa m'Chichewa kuti, "Ukadwala usiku, umafuna kudzutsa ndani?" Anaika chala pa dzina la agogo ake, chalacho osachichotsa. Patapita kanthawi anati, "Sindinawatsanzike bwino." Kenako zinatuluka zonse. Za ulendowo anamuuza kutatsala masiku awiri okha, poti akuluakulu ankaopa kuti anthu ansanje angauipitse. Ambiri a ife mchitidwe umenewu tikuudziwa, ndipo ena tinachoka kwathu chimodzimodzi. Mwanayo sanatsanzike anzake, aphunzitsi ake, kapena kwaya imene ankaimbamo. Anafika m'nyumba momwe munali mlongo wake wamng'ono wobadwira kuno, woyankhula Chingerezi chokhachokha, amene ankadziwa mmene mayi amasekera ndi mmene amakwiyira, pamene iye ankawadziwa pa foni pokha. Kusukulu anzake ankamuseka kayankhulidwe. Ndipo mayi, poona kuti mwana amalira akamaliza kuyankhula ndi agogo, anachepetsa mafoniwo poganiza kuti akumuthandiza kuiwala.

Mtsikanayo atalola kuti tiwafotokozere mayi ake, mayiwo analira kwambiri. Iwo ankaganiza kuti mwana wawo amawada chifukwa chomusiya. Mwana naye ankaganiza kuti akanena zoti akusowa agogo, mayi adzamuyesa wosayamika. Anthu awiri okondana ankagona nyumba imodzi, aliyense akubisa chisoni chake pofuna kuteteza mnzake.

Mankhwala sitinagwiritse ntchito. Tinagwirizana kuti Lachitatu ndi Loweruka lililonse aziyankhula ndi agogo pa WhatsApp, ndipo akalira azilira, mayi akhale naye pafupi osamuletsa. Tinagwirizana kuti Loweruka madzulo aziphika nsima awiriwiri, mwana akuonetsa mayi ake mmene agogo amatenderera nkhwani. Analemba kalata yotsanzika anzake, wachibale wina n'kukaipereka. Za kusukulu tinazitenga pang'onopang'ono, monga ndifotokozere posachedwa. Zinatenga miyezi isanu ndi iwiri. Sindinganene kuti zonse zinatheratu, masiku ena olemera ankabwerabe, koma anabwerera m'kalasi, ndipo tsiku lomaliza anandiuza kuti anadwala chimfine usiku n'kukadzutsa mayi ake.

Zimene zinamuchitikira mwanayu akatswiri anazifufuza kalekale, ndipo mbali ina ya kafukufukuyo inachitikira kwathu ku Africa. John Bowlby, amene ankagwira ntchito ku Tavistock Clinic mu London, anaphunzitsa kuti mwana amamangirira mtima wake kwa munthu amene amamusamalira tsiku ndi tsiku, ndipo kulekanitsidwa naye kumamupweteka monga maliro. Mnzake wa pantchito, Mary Ainsworth, anapita ku Uganda, ndipo mu 1954 ndi 1955 ankayendera mabanja 26 m'midzi yozungulira Kampala, kuonerera amayi ndi makanda awo. Kumeneko anaona kuti khanda limene mayi ake amaliyankha msanga likalira ndi limene limalimba mtima kukwawa kupita patali, podziwa kuti pobwerera pali pothawira. Maphunziro amene ine ndinawapeza m'kalasi kuno ku England anachokera pamkeka wa mayi wa ku Uganda. Choncho pasapezeke wokuuzani kuti nkhani zimenezi n'zachizungu.

Ndikunena izi podziwanso kuti mu Malichi 2024 anthu obwera kuno pa chitupa cha ntchito yosamalira okalamba analetsedwa kubwera ndi ana awo. Ndiye kuti ana ambiri akukulira kwa agogo ndi kwa azakhali panopa. Inu amene muli m'gulu limeneli, sindikukuimbani mlandu, ndikudziwa chimene chinakuchotsani kwanu. Pempho langa n'lakuti tsiku lodzamutenga mwana likadzayandikira, mudzamuuze nthawi ikadalipo. Adzatsanzike. Adzanyamule chitenje cha agogo ake. Ndipo akadzafika, musadzayembekezere kuti adzakuthamangirani ndi chimwemwe tsiku lomwelo, chifukwa iye adzakhala ali pa chisoni pamene inu muli pa chikondwerero.

Tibwerere ku m'mimba muja. Makolo ambiri akamva kuti madokotala sanapeze kanthu amaganiza kuti mwana akunama. Sakunama. Ubongo ukaona ngati pali choopsa, thupi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, mpweya umafupika, magazi amachoka m'mimba kupita ku minofu ya miyendo ndi manja kuti munthu athawe. Mwana amamvadi kupotokola, nseru, ngakhale kutsegula m'mimba. Thupi silisiyanitsa pakati pa njoka ili panjira ndi gulu la ana amene akukudikira pachipata cha sukulu kuti akuseke. Ndiye taonani mmene msampha umatcherekera. Mwana akaloledwa kutsala kunyumba, pofika 10 koloko m'mimba mwaleka. Ubongo umaphunzirapo kuti kutsala ndiko kunamupulumutsa, ndipo mawa mantha amabwera ochuluka kuposa dzulo. Kumukoka mokakamiza ndi kumukalipira nakonso kumangotsimikizira thupi kuti m'mawa ndi nthawi ya nkhondo.

Njira imene timagwiritsa ntchito kwambiri pa nkhawa yotere ndi CBT, imene anaiyambitsa Aaron Beck ku Philadelphia m'zaka za m'ma 1960. Timathandiza mwana kugwira ganizo limene likumuopsa, monga lakuti "aliyense andiseka", n'kuliyesa ngati lilidi loona. Kenako timamanga makwerero. Sabata yoyamba angovala yunifolomu n'kukafika pachipata. Yotsatira alowe kalasi imodzi ya mphunzitsi amene amamukonda. Kenako akhale mpaka masana. Pa sitepe iliyonse amakhala ndi manthawo mpaka atatsika okha, ndipo thupi limaphunzira kuti palibe chamuchitikira. Ine ndimamuona ola limodzi pa sabata. Maola ena onse ali ndi inu, ndipo amene amaima naye pachipata Lolemba m'mawa ndinu. Popanda kholo, ntchito yanga imayenda mwa apo ndi apo.

Pali mwana wina amene amandidetsa nkhawa kuposa onse, ndiye mwana wofatsa. Kwathu timamuyamikira. Sayankha akuluakulu, satuluka, amakhala kuchipinda kwake, timati ndi mwana wa mwambo. Nthawi zina n'zoona, ndi chibadwa chake. Ndakhalapo m'misonkhano momwe ndafotokozera anzanga a pantchito kuti mwana wachimalawi akamayang'ana pansi poyankhula ndi wamkulu, ndi ulemu umene anaphunzitsidwa, asathamangire kulemba kuti ali ndi autism kapena kuti akuopa makolo ake. Koma ulemu womwewo umatha kubisa matenda. Chimene muyenera kuyang'ana ndi kusintha. Mwana amene ankakonda mpira wasiya. Ankadya bwino, tsopano akungotola. Sagona, kapena akungogona usana wonse. Magiredi atsika. Akuvala malaya a manja aatali ngakhale kukutentha. Zikapitirira masabata awiri, amenewo si makhalidwe abwino, ndi chizindikiro.

Anyamata nawo kuvutika maganizo kwawo kumatulukira mu ukali. Mnyamata amene akumenyetsa zitseko, akuyankha mwamwano, akuyambana ndi aphunzitsi, timafulumira kunena kuti dziko lino lamuwononga, ndipo ena amayamba kufunsa mtengo wa tikiti kuti amutumize kumudzi akaphunzire mwambo. Musanagule tikitiyo fufuzani. Ndaonapo anyamata otere amene pansi pa ukaliwo panali chisoni cha bambo amene anachoka, kapena kutukwanidwa chifukwa cha khungu lawo tsiku ndi tsiku, kapena ADHD imene palibe anaizindikira, mwana akumatchedwa wopulupudza kuyambira ali ndi zaka zisanu mpaka iye mwini kukhulupirira kuti ndi woipa.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ambiri sitifuna kuitchula. Ana ena amadzicheka kapena kudzivulaza m'njira zina. Ambiri mwa iwo sakufuna kufa, akufuna kuti ululu wa mumtima uchepe kwa kanthawi. Komabe mwana amene amadzivulaza ali pachiopsezo chachikulu chodzipha kuposa anzake, motero si nkhani yoinyozera kapena yoti akungofuna kuonedwa. Mukaona mabala, musakuwe, musamulumbiritse kuti asadzachitenso. Khalani pansi, mumuuze kuti mwaona, ndipo mumufunse mosazungulira kuti, "Mwanawe, kodi umaganizapo zodzipha?" Ndikudziwa kuti lilime limakana, timaopa kuti kutchula chinthu n'kuchiitana. Ofufuza ayesa nkhaniyi kambirimbiri, ndipo apeza kuti kufunsa sikumuika mwana ganizolo m'mutu. Ana ambiri amene ndawafunsa amapumira m'mwamba, poona kuti papezeka munthu wamkulu amene sakuopa kumva yankho. Mankhwala onse a m'nyumba, ngakhale panado, muziwatsekera. Mwana akamwa mapiritsi ambiri, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka bwinobwino, chifukwa panado amawononga chiwindi mwakachetechete ndipo zizindikiro zimadzaoneka patapita tsiku kapena kuposerapo.

Apa mpamene makolo ena amandikwiyira, chifukwa si zonse zimene mwana wandiuza zimene ndimakuuzani. Kuno wachinyamata wa zaka 16 angathe kuvomera yekha chithandizo, ndipo kuchokera pa chigamulo cha mlandu wa Gillick mu 1985, ngakhale wosakwana zaka 16 angathe kutero ngati akumvetsa bwino zimene akuvomerazo. Bambo wina anandifunsa kuti, "Ndiye inu mlendo mudziwe za mwana wanga, ine bambo wake ndisadziwe?" Ndinamvetsa kupweteka kwawo. Ndinawakumbutsa kuti ngakhale kwathu mtsikana akatha msinkhu sakambirana zonse ndi bambo ake. Pali azakhali, pali anankungwi, ndipo kholo silifunsa zimene anenerana kumeneko. Makolo athu ankadziwa kuti mwana amafunika munthu wamkulu wachitatu. Lonjezo langa kwa wachinyamata aliyense ndimalinena tsiku loyamba makolo ali pomwepo: za mumtima mwako ndisunga, koma moyo wako kapena wa munthu wina ukakhala pangozi, sindisunga. Ndipo ntchito yanga yaikulu ndi kumuthandiza kuti tsiku lina akuuzeni yekha.

Abusa, ndili ndi mawu kwa inu, ndipo ndikuwanena monga munthu wopemphera. Mabanja athu ambiri amafika kwa inu asanafike kwa ine. Pempherani nawo, pemphero limatonthoza ndipo ndaona likulimbitsa ana ambiri. Koma mukatha kupemphera muwafunse ngati apita kwa GP, monga momwe mungachitire mwana atathyoka mwendo. Ndipo chonde, mwana asauzidwe kuti ndi mfiti kapena kuti ali ndi chiwanda. Mu Febuluwale 2000, Victoria Climbié, mtsikana wa zaka 8 wochokera ku Ivory Coast, anamwalira mu London atazunzidwa ndi wachibale amene ankamulera pamodzi ndi chibwenzi chake. Pathupi pake anapeza mabala 128. Asanamwalire anapita naye kumatchalitchi, kumene nkhani inali yoti ali ndi mizimu yoipa. Kafukufuku wa Lord Laming, amene lipoti lake linatuluka mu 2003, anaonetsa kuti maofesi ambiri anali ndi mpata womupulumutsa koma analephera, ndipo lamulo la ana la mu 2004 linabadwira pamenepo. Aphunzitsi ndi anamwino a kuno akamafunsa mafunso ambiri akaona bala pa mwana, dziwani kuti akukumbukira mwana ameneyu, amene anali mwana wa ku Africa ngati athuwa.

Za chikwapu ndinena mwachidule. Ku Scotland kumenya mwana mwa njira iliyonse kunaletsedwa mu 2020, ku Wales mu 2022, ndipo kuno ku England chilango chosiya bala, kutupa kapena mkwingwirima ndi mlandu. Koma ngakhale lamulo likanakhala chete, ndikanakuuzanibe zimene ndimaona: mwana amene amamenyedwa amaphunzira kubisa, ndipo tsiku limene adzakhale ndi chinthu choopsa choti anene, sadzabwera kwa munthu amene amamuopa.

Sindikubisirani kuti chithandizochi chili ndi zofooka zake. Children's Commissioner wa ku England, Dame Rachel de Souza, ananena mu 2024 kuti ana pafupifupi miliyoni imodzi anatumizidwa ku chithandizo cha maganizo m'chaka chimodzi chokha, ndipo ambiri anali akudikirabe chakacho chitatha. Mzere ndi wautali. M'mawa uliwonse timakhala pansi kuwerenga makalata, n'kusankha amene aonedwe lero ndi amene adikire, tikudziwa kuti kalata iliyonse ili ndi mayi amene sakugona. Palibe gawo la ntchito yanga limene limandilemera kuposa limenelo. Pali madzulo amene ndimakhala m'galimoto kwa kanthawi ndisanalowe m'nyumba, kuti nkhani za tsikulo zitsike ndisanakumane ndi ana anga. Ifenso tili ndi katswiri wamkulu amene timakhala naye pansi kawirikawiri kukambirana ntchito yathu ndi mmene ikutikhudzira, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Kutalika kwa mzere kukhale chifukwa choti mulowemo msanga. Mukamalemba fomu kapena kuyankhula ndi GP, nenani zonse mmene zilili. Mwambo wathu woti "tili bwino, kaya inu" umapangitsa kuti kalata ya mwana wanu ioneke yopepuka, n'kuikidwa pansi pa anzake. Zinthu zikaipiraipira mukudikira, imbaninso foni muwauze. Ngati Chingerezi chikukuvutani pa nkhani zozama ngati zimenezi, pemphani womasulira, musagwiritse ntchito mwana yemweyo.

Podikirapo, muli ndi chuma chimene mabanja ambiri a kuno alibe, ngati mungachidzutse. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare, mu Harare, kukhala pabenchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu amene akudwala kuganiza kwambiri, kumene Ashona amati kufungisisa. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anakhala pabenchipo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Agogowo sanali madokotala. Anaphunzitsidwa kumvetsera osaweruza ndi kuthandiza munthu kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Akuluakulu anati mwana sakulira nakubala. Kuno tabalalika, wina ku Leicester, wina ku Manchester, wina ku Glasgow, aliyense ndi mashifiti ake, ndipo ana athu atsala ndi foni. M'holo muno muli amayi ndi abambo amene angakhale azakhali ndi amalume a ana amene achibale awo enieni ali kutali. Chofunika n'chakuti chimene mwana wakuuzani chisakamveke pa gulu la WhatsApp kapena pa mapemphero a Lachinayi. Akangomva kamodzi kuti nkhani yake yayenda, sadzayankhulanso kwa wina aliyense wa ife.

Inu achinyamata kumbuyoko, ndaona kuti mafoni mwawaika pansi, zikomo. Zimene mukumva mumtima zili ndi dzina ndipo zili ndi chithandizo. Kukula pakati pa miyambo iwiri, kunyumba Mmalawi, kusukulu Mngelezi, n'kolemetsa, ndipo si kufooka kunena kuti mwatopa. Makolo anu amakukondani ngakhale pamene mawu awo akulephera kusonyeza. Ndipo ena mwa inu amene mukuganiza za maphunziro a kuyunivesite, ganizirani ntchito imeneyi. Tsiku limene mtsikana uja anayankhula, chimene chinatsegula pakamwa pake chinali funso lofunsidwa m'chiyankhulo cha agogo ake, ndipo ofunsa otere m'zipinda zathu ndi ochepa kwambiri.

Musanatuluke, lembani izi m'mafoni mwanu. Mwana kapena wachinyamata angathe kuimba ku Childline pa 0800 1111, usana ndi usiku, mwaulere. Kholo limene laona kuti zinthu zafika povuta liimbe 111 n'kusankha gawo la za maganizo. Moyo ukakhala pangozi, imbani 999 kapena thamangirani kuchipatala. Pa zina zonse yambirani kwa GP kapena kusukulu, ndipo ngati mwana wanu wasintha, pitaniko sabata ino. Madzulo ano mukafika kunyumba, gogodani pachitseko cha mwana wofatsa uja, khalani pamphepete pa bedi lake, mumufunse mmene zinthu zikumuyendera, ndipo akayamba kuyankha musamudule mawu. Ine ndikhala pakhomo apo mpaka aliyense amene ali ndi funso atandipeza.